Gauni imavalidwa tsiku limodzi cabe

Caka ciliconse a ECZ akangotulutsa zotsatila za mayeso a Giledi 12, mafoni m'mabanja sapuma. Funso loyamba limakhala lakuti, "Wapeza mapointi angati?" Akamva kuti ni 8 kapena 12, laciwili silicedwa: "Ndiye apita ku UNZA, si conco?" Ni ocepa amene amafunsa kuti mwanayo akaphunzila ciani, akagona kuti, nanga ndani adzamulipilila lendi mu February wa caka cacitatu, pamene nkhokwe kumudzi ili pululu ndipo cimanga cikali m'munda.

Ndikambe mosabisa. Ambili a ife timasankha yunivesiti tikuganizila cithunzi ca mwana atavala gauni ndi cisote, cija cimene tidzapacika pakhoma pafupi ndi kalenda kuti mlendo aliyense acione. Cithunzico sindikucinyoza. M'banja limene agogo sanapondepo m'kalasi, cimagwetsa anthu misozi ya cimwemwe, ndipo mpake. Koma gauni imavalidwa tsiku limodzi, ndipo nthawi zambili imakhala yobweleka. Masiku amene ayenela kutitsogolela posankha ni ena awili. Lina ni tsiku wamba pakati pa mwezi m'caka caciwili, ndalama zitatha, mayeso ali pafupi. Linalo ni Mande yoyamba pambuyo pa phwando, alendo atabwelela kwao, mwana atatsala ndi pepala lake m'manja.

Kukonda dzina kumeneku kuli ndi kumene kunacokela. Pamene dziko lathu linalandila ufulu mu 1964, eni dziko amene anali ndi digili anali pafupifupi 100 cabe. UNZA inatsegulidwa mu 1966, ndipo anthu wamba anasonkha nawo kuti imangidwe. Kwa zaka zoposa 20 inali yokhayo, kufikila CBU inaima payokha ku Kitwe mu 1987. Masiku amenewo boma linali kulipila zonse, wophunzila anali kudyela ku dining, ndipo migodi ndi maofesi a boma anali kulindila omaliza maphunzilo ndi manja awili. Amalume amene amakamba kuti "yunivesiti ni UNZA, zinazi ni masewela" akukumbukila dziko limenelo. Dzikolo linapita kale.

Lelo boma lili ndi Mulungushi ku Kabwe, imene inakhala yunivesiti mu 2008. Lili ndi Kwame Nkrumah ku Kabwe komweko, Mukuba ku Kitwe ndi Chalimbana ku Chongwe, zimene poyamba zinali makoleji a aphunzitsi. Kuli Kapasa Makasa ku Chinsali, kuli Palabana, kuli Levy Mwanawasa Medical University mu Lusaka. Mayunivesiti a anthu ndi a machalichi ndiye ni makumimakumi. Posankha pakula, ndipo pogwela paculukanso.

Ambili amagwa polandila kosi iliyonse malinga ili pa sukulu ya dzina. Mwana anafuna uinjiniya, amupatsa malo m'kosi imene sanaimvepo n'kale lonse, ndipo banja lonse likuti, "Lowa cabe, ukasintha uli mkati." Kusintha kosi kumatheka nthawi zina, koma kumadalila malo ndi mmene munthu wakhozela, ndipo ofuna kusintha amakhala ambili kuposa malowo. Amene zamukanika amatha zaka zinai akuphunzila cinthu cimene mtima wake suli pomwepo, mwinanso ndi ndalama za nkhongole.

Nkhani ya udokotala ifunika kuikamba bwino-bwino, cifukwa kwathu mwana wa mapointi 6 amayamba kumuchula kuti adokotala asanakwele n'komwe basi. Pa UNZA, kwa zaka zambili njila yopita ku Ridgeway yakhala ikudzela ku School of Natural Sciences. Caka coyamba onse amaphunzila pamodzi masamu, biology, chemistry ndi physics, ndipo pambuyo pake m'pamene amagawidwa malinga ndi mmene akhozela. Mwana amene anali woyamba pa sukulu yake ku Lundazi kapena ku Nyimba amapezeka m'holo yodzala ndi anzake mazanamazana, ndipo aliyense wa iwo analinso woyamba kwao. Malo a udokotala ni ocepa, conco ambili sadzawapeza ngakhale ali ndi nzelu zotani. Ndiye mwana afunsidwe asananyamuke: ukapanda kulowa udokotala, kodi pa makosi otsalawo ilipo imene ungaikonde? Akati iyai, yang'anani njila zina zikali zotseguka. CBU ili ndi sukulu ya udokotala ku Ndola, Mulungushi ili nayo ku Livingstone, Levy Mwanawasa ili ndi makosi ambili a zaumoyo, ndipo unesi umaphunzitsidwa ngakhale kwathu kum'mawa, ku St Francis ku Katete ndi ku Mwami. Malamulo olowela amasintha. Welengani a caka cimeneco, musadalile zokamba za msuweni amene anamaliza zaka 10 zapitazo.

Nanga Mande uja wa pambuyo pa phwando? Digili zina zimafuna pepala lina pamwamba pake munthu asanayambe kudyelapo. Wa zamalamulo saimila munthu m'khoti kufikila atapambana mayeso a ku ZIALE, ndipo aliyense wowelenga nyuzipepala adziwa kuti zaka zina opambana pa ulendo woyamba akhala ocepa zomvetsa cisoni. Kumenekonso kuli mafizi ake. Wa zowelengela ndalama afunika ZICA, ndipo mapepala a ZICA munthu angawayambe osadzela ku yunivesiti. Mphunzitsi afunika laisensi ya Teaching Council. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi opitilila 30,000 panthawi imodzi, ndipo dziko lonse linaomba m'manja, koma ofunsila anali opitilila 100,000. Otsalawo anabwelela kunyumba ndi mapepala awo m'sutukesi, ena a iwo atalindila kale zaka zingapo. Uphunzitsi ni nchito yabwino, koma woufuna ayambe waona kuti masukulu akusowa aphunzitsi a ciani. Masamu ndi sayansi akhala akusowa anthu kwa nthawi yaitali, ndipo n'zimene Mukuba imaphunzitsa makamaka.

Za mayunivesiti a anthu, ena ni abwino ndithu. Ali ndi aphunzitsi okhazikika, ndipo caka cawo cimayamba ndi kutha pa nthawi yake. Koma ena ni zipinda zinai pamwamba pa sitolo, cikwangwani cacikulu ndi tsamba la Facebook lokongola. Paja akulu anati cikomekome ca nkhuyu, mkati muli nyelele. Kudziwa zoona sikovuta. Higher Education Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ndiyo imalembetsa mayunivesiti a anthu ndi kuvomeleza makosi, ndipo imafalitsa mndandanda wake. Pobisalila pali apa: kulembetsedwa kwa sukulu ni cinthu cina, kuvomelezedwa kwa kosi ni cinanso. Sukulu ingakhale yolembetsedwa bwino-bwino pamene kosi imene mwana wanu akulowa ikali yosavomelezedwa. Mukafunsa ku ofesi n'kukuuzani kuti, "Mapepala tinapeleka kale, tikungolindila," bwezani ndalama m'thumba. Makosi a zaumoyo afunikanso civomelezo ca HPCZ kapena ca bungwe la manesi ndi azamba, ndipo zinacitikapo kale kuti HPCZ yaimitsa makosi ena pa masukulu odziwika, ophunzila ali mkati mwa maphunzilo. Za luso la manja zili pansi pa TEVETA. Amene akulonjezedwa malo kunja kwa dziko ndi maejenti a pa WhatsApp ayambe wafunsa ku ZAQA ngati pepala la sukuluyo lidzazindikilidwa akabwela nalo kuno.

Komabe cimene cimabweza ana ambili kunyumba asanamalize ni ndalama, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono.

Mabanja ambili amaika mtima wonse pa loni ya boma. Loni imeneyi imapelekedwa ndi HELSB, bungwe limene linalowa m'malo mwa Bursaries Committee pambuyo pa lamulo la mu 2016. Ophunzila mpaka lelo amaichulabe kuti BC. Yakhala ikupita kwa a m'mayunivesiti a boma, ndipo ofunsila amaposa kutali amene amapatsidwa. Ena amalipilidwa mafizi onse, ena gawo cabe, cotsalaco n'ca banja. Kulandila kalata ya malo sikutanthauza kuti loni yabwela: ni mafomu awili osiyana, opita ku maofesi awili osiyana, ndipo mayina a opatsidwa loni nthawi zina amatuluka mwana atafika kale pa sukulu. Ndiponso ni nkhongole. Kuyambila mu 2018 bungweli lakhala likutolela ndalama kwa amene anathandizidwa kucokela mu 2004, ndipo ambili anadzidzimuka ataona malipilo awo adulidwa. Sindikuti musaitenge iyai. Itengeni, cifukwa popanda iyo ana ambili a alimi sakanaponda pa yunivesiti. Koma mwana adziwe kuti akusaina nkhongole imene adzaibweza ndi ciwongoladzanja, conco kosi imene akuigula nayo ikhale yoti adzatha kudyelapo.

Ndalama ya cakudya nayo itiphunzitse kanthu. Boma linaicotsa mu 2019, boma lina linaibweza mu 2023. Ni zaka zinai zimenezo, utali wa digili imodzi. Ngakhale pamene ilipo imatha kucedwa, ndipo zipolowe zambili zimene takhala tikuona pa Great East Road zinayambila pa kucedwa komweko. Bajeti ya banja isamangidwe pa ndalama imene ingasinthe ndi cilengezo cimodzi ca nduna.

Ine cimene ndimalimbikitsa ni msonkhano wa banja, wa pepala ndi bopeni, kalata ya malo isanayankhidwe. Pa phwando la zotsatila aliyense amalonjeza. Amalume a ku Solwezi amati, "Za lendi musade nkhawa, mphwanga uyu ni wanga." Asisi ake a ku Johannesburg amati adzagula laputopu. Amakamba ndi mtima wabwino, koma m'maganizo mwawo akuona mwezi umodzi, pamene nkhaniyo ni ya zaka zinai, zisanu kwa wa uinjiniya, ndi kupitilila apo kwa wa udokotala. Lembani zonse: mafizi, lendi, cakudya, basi, mabandulo a intaneti, kupulinta manotsi, sopo, mapadi a mwana wamkazi, ulendo wobwela kunyumba pa holide ndi pa malilo. Pambali pa ciliconse lembani dzina la wolipila ndi mwezi wake. Pamene pasowa dzina, pamenepo m'pamene mwana adzagona ndi njala.

Kwa ife a kum'mawa pali vuto lina limene a m'tauni saliona msanga. Mlimi amagwila ndalama kamodzi pa caka, akagulitsa cimanga, soya, nshawa, thonje kapena fodya, ndipo akapeleka ku FRA amalindilanso kuti alipidwe. Landilodi wa ku Kalingalinga amafuna yake pa 1 mwezi uliwonse, za mvula alibe nazo nchito. January ndi February, pamene ndalama zonse zapita ku feteleza ndipo ang'onoang'ono akufuna mayunifomu, ndiyo miyezi imene wophunzila amaimba foni kunyumba n'kumva kuti, "Pilila mwanawe, kuno zinthu zavuta." Cilala ca mu 2024 cinaonetsa poyela kuti munda umodzi sungasenze digili wokha. Banja lanzelu limapatula lendi ya miyezi ya njala pa nthawi yokolola, n'kuisunga kumene dzanja silifika msanga, kaya ku banki, kaya m'gulu la cilimba lodalilika. Ndipo thumba la unga, nyemba, nshawa zosinja ndi mfutso, zotumizidwa pa basi, zimasunga mwana kuposa ndalama ya pa foni imene imatha tsiku lomwelo. Mukawelengela zonse n'kuona kuti Lusaka yakana, palibe manyazi kusankha sukulu ya pafupi, kapena ya m'tauni imene lendi yake ni yocepako.

Malo ogona ni mutu wina wowawa. Pa UNZA ndi pa CBU mabedi ni ocepa kwambili poyelekeza ndi ophunzila, n'cifukwa cake mau akuti squatting ali m'kamwa mwa aliyense: cipinda ca anthu awili cimagona anai, asanu kapena kuposa, ena pansi pa matilesi. Otsala amapita ku ma boarding house a ku Kalingalinga, Ng'ombe, Kalundu ndi Mtendere, kapena ku Riverside kwa a ku Kitwe. Musalipile cipinda cimene mwaciona pa foni cabe. Akuba amadziwa nyengo imene a caka coyamba amafunafuna malo, ndipo amaika zithunzi za nyumba za eni ake n'kupempha kadipoziti pa mobile money. Pitani mukaone ndi maso. Welengani mabedi m'cipinda ndi zimbudzi panja. Tsegulani pompi. Funsani kuti malaiti akapita anthu amaphikila pati ndi kuwelengela pati. Amene anali mu Lusaka kuciyambi kwa 2024, pamene kolela inasandutsa Heroes Stadium kukhala cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa, safunika kuuzidwa cifukwa cake madzi ndi cimbudzi zili patsogolo pa penti ya khoma. Yendaninso njila yocokela ku sukulu kufika kunyumbako kutada, cifukwa mwana wanu adzaiyenda nthawi imeneyo akucokela ku laibulale.

Kukhala kwa acibale kumaoneka kwaulele, koma nakonso kuli ndi mtengo wake. Ngati azakhali akhala ku Chawama kapena ku Matero, welengani mabasi awili popita, awili pobwela, tsiku ndi tsiku. Ndipo tikambe zoona: mwana wamkazi wocokela kumudzi akafika m'nyumba ya acibale, kawilikawili amasanduka wanchito. Wophika ni iye, wocapa ni iye, wopelekeza ana ku sukulu ni iye, ndipo sangadandaule cifukwa akudya za eni. Mnyamata zimenezi sizimamugwela kwenikweni. Ngati mwasankha njila iyi, inu makolo kambilanani ndi acibalewo poyela za nthawi yowelenga, ndipo muziikapo kanthu pa unga ndi malaiti kuti mwana asamadzione ngati wopemphetsa m'nyumbamo.

Tsopano ndikambe ndi inu ana, eni ake a ulendowu. Pakati pa zotsatila ndi tsiku lolowa pamakhala miyezi yambili, nthawi zina caka cathunthu. Musaithele pa TikTok. Phunzilani kuphika nsima ndi ndiwo zochipa, soya, kapenta, lepu, nyemba, cifukwa wosadziwa kuphika amadya ndalama ya mwezi m'masiku 10 pa East Park. Phunzilani kutaipa pa kompyuta, kulemba imelo yokhala ndi moni ndi dzina lanu, ndi kusunga fayilo pamene mudzaipeza. Ma assignment ambili masiku ano amalembedwa ndi kutumizidwa motelo, ndipo palibe adzakudikilani. Tengani NRC msanga, sungani makope otsimikizidwa a zotsatila zanu, ndipo onetsetsani kuti dzina lalembedwa cimodzimodzi pa mapepala onse. Cilembo cimodzi cosiyana pakati pa NRC ndi satifiketi cingakuyendetseni m'maofesi mpaka nsapato kutha. Amene credit ya Cingelezi kapena ya masamu inakuphonyani, lembaninso pa GCE, cifukwa mayunivesiti amafuna ma credit asanu kuphatikizapo Cingelezi, ndipo makosi ambili amafunanso masamu.

Cacikulu cimene cidzakudabwitsani ni cakuti kulibe belu. Ku boarding munali ndi maprefect, amatron ndi ahedi. Ku yunivesiti mukagona mpaka 11 koloko palibe adzagogoda. Mphunzitsi amalowa m'holo, amakamba ola limodzi, amatuluka, dzina lanu salidziwa. Mamakisi a timayeso ting'onoting'ono ndi ma assignment, aja amati CA, amaunjikana mwakacetecete kuyambila mwezi woyamba. Amene amati "ndidzawelenga mayeso akayandikila," monga anali kucitila ku sekondale, amazindikila mocedwa kuti gawo lina la mamakisi linapita kale. Kubweleza kosi kumadya ndalama, ndipo kulephela kwambili kumacotsetsa munthu sukulu. Pezani anzanu awili kapena atatu owelenga nawo, ndipo musacite manyazi kugogoda pa ofesi ya mphunzitsi. Safunsa anadya phula.

Ndalama ikayamba kulowa pa foni, alendo ake amabwela okha. Kubecha pa mpila kumayamba ndi K20 lelo, K50 mawa, kenako lendi yonse yapita pa gemu imodzi ya Arsenal. Pambuyo pake amabwela wa kaloba, amene amamwetulila pokongoza n'kutenga laputopu ngati cikole. Palinso mdala wa motoka amene amaima pa geti pa Cisanu madzulo. Za ameneyu makolo timakonda kungokalipa kuti, "Usakatipatse manyazi." Koma mwana wamkazi amene watha masiku awili akumwa zigolo, ulaliki sumukhutitsa. Afunika kudziwa kuti akaimba foni kunyumba adzamvedwa popanda kutukwanidwa. Kambani naye za matenda, za mimba ndi za kiliniki ya pa sukulu asananyamuke, ndipo mnyamata mumuuzenso zomwezo, pakuti mimba siibwela ndi munthu mmodzi. Kusungulumwa ndiye sitikuchula n'komwe. Mwana amene sanacokepo pamudzi angakhale pakati pa anthu masauzande koma osaceza ndi munthu sabata yonse. Gulu la ku chalichi, kwaya, timu ya mpila kapena kagulu ka ocokela dela limodzi zimathandiza kwambili. Inunso makolo muzimuimbila foni ngakhale pamene mulibe ndalama yotumiza.

Ndidziwa zimene ena adzayankha. Adzati dzina lili ndi nchito, ndipo sakunama. Olemba nchito ena akaona UNZA kapena CBU pa pepala amaliika pamwamba. Anzako a m'kalasi ndiwo adzakhala m'maofesi mawa, ndipo pa sukulu yaikulu anzakowo ni ambili. Ngati mwana wapeza kosi imene akuifuna pa sukulu yotelo, ndipo ndalama zikuoneka kuti zitheka, apite osacedwa. Ena adzati kuwelengela kotele kumapha maloto a mwana wa mmphawi, pakuti tikalindila kuti ndalama zikwane palibe wa kumudzi adzaphunzila. Mau amenewa ni olemela, sindingawakankhile pambali. Ambili amene lelo ni madokotala ndi mainjiniya anatsika pa Intercity ndi cikwama cimodzi, osadziwa kumene adzagona, ndipo anapyola. Koma timamva nkhani za opyolawo cifukwa ndiwo amaitanidwa kukakamba pa misonkhano. Amene anabwelela m'caka caciwili, opanda pepala koma ali ndi nkhongole, ali cete m'makomboni ndi m'midzi, ndipo palibe amawaitana. Kuwelengela sikuletsa mwana kupita. Kumaonetsa pamene pali dzenje, kuti banja liyambe kulikwilila mu June, nthawi ya zokolola, m'malo modzidzimuka mu February.

Palinso njila imene timaiona ngati ya olephela, ndipo apa timalakwila ana ambili. Evelyn Hone, NORTEC ku Ndola, NRDC, Chipata Trades, makoleji a zaulimi a ku Monze ndi ku Mpika, onsewa atulutsa anthu amene akudyetsa mabanja kwa zaka zambili. Pamene malaiti anali kuzima maola ambilimbili mu 2024, anyamata ndi atsikana odziwa kuika sola, kukonza majenileta ndi mapampu a madzi sanasowe cocita. Kucokela pamene CDF inakwezedwa mu 2022, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, gawo lina limalipilila acinyamata maphunzilo a luso, ndipo imeneyo si nkhongole. Mafomu amadzela ku Ward Development Committee, conco pitani kwa akhansala kapena ku khonsolo mukafunse nthawi yake isanapite. Wa dipuloma akayamba kugwila nchito angadzakweze maphunzilo mpaka digili, madzulo kapena mwa distance, ndi ndalama za m'thumba mwake.

Cimene cimandidabwitsa ni cakuti sitipita kukaona sukulu tisanalipile. Munthu sagula ng'ombe asanaione mano ndi mayendedwe, koma mafizi a semesita yonse timatumiza titangoona cithunzi pa foni. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ni makilomita pafupifupi 570 ndipo basi ni yodula, koma ni yochipa poyelekeza ndi ndalama imene mukufuna kuika pamenepo. Ngati simungathe, tumani wacibale amene ali pafupi. Musapite tsiku la open day, pamene udzu wadulidwa ndipo aliyense wavala bwino. Pitani pa Citatu wamba. Lowani mu laibulale muone ngati muli pokhala, suzumilani mu labu muone ngati zipangizo zili pa tebulo kapena zili pa cikwangwani ca panja cabe. Kenako pezani wophunzila wa caka caciwili kapena cacitatu wa kosi yomweyo, mumugulile cakumwa, mukhale naye pansi pa mtengo. Mumufunse kuti aphunzitsi amabwela kangati pa sabata, zotsatila za mayeso zimatenga nthawi yaitali bwanji kutuluka, pa anzake amene anayamba nawo patsala angati, ndiponso amene anamaliza caka catha ali kuti tsopano.